Rabi wafika ku Lusaka, nanga amuna khumi alipo?

Kumapeto kwa 2022 kudamveka kuti Ayuda a ku Zambia apeza rabi wokhala nawo pompo, patatha zaka makumimakumi akudalira alendo. Gulu la Chabad-Lubavitch, lomwe likulu lake lili ku Brooklyn mumzinda wa New York, lidatuma Rabi Mendy Hertzel ndi mkazi wake Rivky kuti akakhazikike ku Lusaka. Bamboyo ndi wa ku Israel, mayiyo adakulira ku Alaska. Atumiki a gululi sapita kudera n'cholinga choti akatha zaka zitatu asamutsidwe. Mwambo wawo ndi woti kumene watumidwa n'kumene ukakalambire.

Kwathu kuno ku Mua, ku Golomoti ngakhale ku Mtakataka kulibe sunagoge, ndipo wofuna kukamuona rabiyu ayenera kukwera basi mpaka ku Lilongwe, kudutsa chipata cha Mchinji, n'kutha tsiku lonse pamsewu wa Chipata. Komabe mkhristu wa m'chigwa chino nkhaniyi aimva msanga. Chiyambire 1902 pamene ansembe a White Fathers adamanga mishoni ku Mua, matchalitchi a kumidzi akhala akudikira bambo mfumu amene amabwera mwa apo ndi apo, ndipo masabata enawo mphunzitsi wa mpingo ndiye amatsogolera mapemphero. Ayuda a ku Zambia nawo akhala moyo wodikira woterewu nthawi yaitali.

Kufananako kumathera pomwepo. Misa siichitika popanda wansembe, pamene mapemphero a Chiyuda sasowa rabi. Rabi ndi mphunzitsi komanso woweruza pa nkhani za chilamulo. Munthu wamba wodziwa Chihebri akhoza kutsogolera Sabata, kuika maliro, ngakhale kuwerenga mpukutu wa Tora. Chimene sichingasowe ndi anthu khumi. Mwa Ayuda osunga mwambo wakale, khumiwo ayenera kukhala amuna a zaka 13 kapena kuposerapo. Akakwana asanu ndi anayi okha, mpukutu suwerengedwa pagulu, ndipo wofedwa sanganene pemphero la Kaddish lokumbukira kholo lake. Mpingo waung'ono wa Chiyuda umafa pamene wakhumi uja wasamukira ku Johannesburg kapena ku London, ngakhale nyumba yopemphereramo ikadali chiimire.

Zidachitikadi ku Livingstone. Abale awiri, Elie ndi Harry Susman, adachoka ku Lithuania n'kufika ku Barotseland, kumadzulo kwa Zambia ya lero, mu 1901 kudzagula ng'ombe. Anzawo adawatsatira, mpingo udakhazikitsidwa mu 1910, ndipo mwala wa maziko a sunagoge udaikidwa mu 1928. M'zaka za m'ma 1930 kudabweranso othawa Hitler, moti pofika m'ma 1950 Ayuda a ku Northern Rhodesia (Zambia ya lero) adali pafupifupi 1,000, ndi masunagoge ku Lusaka ndi m'matauni a migodi monga Ndola ndi Kitwe. Lero sunagoge wa ku Livingstone ndi tchalitchi cha akhristu. Mbiri ya anthuwa idalembedwa ndi Hugh Macmillan ndi Frank Shapiro m'buku la Zion in Africa la mu 1999, ndipo katundu wawo wina akusungidwa ku Gateway Jewish Museum mumzinda womwewo.

Amalawi achikulire amadziwa dzina limodzi lochokera m'mabanja amenewa, ngakhale sangalikumbuke mokoma: Roy Welensky, nduna yaikulu ya boma la chitaganya kuyambira 1956 mpaka 1963, yemwe bambo ake adali Myuda. Koma tisaiwale kuti kunalinso Simon Zukas, mnyamata wa ku Lithuania amene adafika mu 1938, nalimbana ndi chitaganya chomwecho mpaka atsamunda adamuthamangitsa m'dzikomo mu 1952. Adabwerera Zambia italandira ufulu, adakhalapo nduna ya boma, ndipo adamwalira mu 2021. Stanley Fischer, yemwe adadzakhala mkulu wa banki yaikulu ya Israel, adabadwira ku Mazabuka mu 1943. Ambiri mwa ana a mabanjawa adapita kusukulu kunja osabwereranso.

Otsalawo adawasamala ndi Rabi Moshe Silberhaft wa bungwe la African Jewish Congress, amene kuyambira m'ma 1990 wakhala akuzungulira mipingo ing'onoing'ono ya kummwera kwa Africa kuchokera ku Johannesburg. Ntchito yake yaikulu yakhala maliro ndi manda. Amadziwika ndi nzeru yogoneka pansi miyala ya pamanda kuti anthu oononga asamaigwetse. Ndi ntchito yolemekezeka, koma aliyense akuona kuti ndi ntchito yotsekera. Rabi wongodutsa akhoza kuika nkhalamba m'manda mwaulemu. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene akufunika kuphunzira zilembo za Chihebri sabata ndi sabata sangamuthandize.

Kusiyanaku kumaonekera poyera nyengo ya zikondwerero ikafika. Chaka chatsopano cha Chiyuda, Rosh Hashanah, chimagwa mu Sepitembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Mu 2025 chidayamba madzulo a pa 22 Sepitembala, kulowa chaka cha 5786. Pamafunika munthu wodziwa kuliza lipenga la nyanga ya nkhosa, ndipo mwa mwambo limalira ka 100 pa tsiku. Tsiku lakhumi la mwezi womwewo ndi Yom Kippur, Tsiku la Chitetezo lotchulidwa m'buku la Levitiko, pamene munthu amasala maola 25 osadya, osalawa ngakhale dontho la madzi. Amene adayendapo masana a Okutobala kuchoka pa Golomoti kupita kunyanja akudziwa kuti kuno kusala kotereku si masewera. Patangopita masiku asanu, banja limamanga msasa panja, denga lake la nthambi, n'kumadyeramo sabata yathunthu. Chikondwerero cha Misasa chikatha amapempherera mvula, chifukwa ku Israel dzinja limakhala layandikira. Ku South Africa ndi ku Australia kalendala ya Chiyuda imaoneka yotembenuka, poti Pasaka wa nyengo ya mphukira amagwa masamba akuyoyoka, koma pempho la mvulali limafika m'dera lathu lino nthawi yake yeniyeni, alimi atakonza mizere n'kumayang'ana kumwamba.

Zonsezi zimafuna munthu wokonzekera miyezi isanakwane: kuitanitsa vinyo ndi nyama yophedwa motsata chilamulo, kuyendera anthu khomo ndi khomo, kuwerengetsa ngati amuna khumi apezeke. Pa Pasaka, mu Malichi kapena Epulo, pamafunika mikate yopanda chotupitsa yochokera kunja. Ndipo pano pali chimene chingadabwitse wa ku Mtakataka. Ayuda amene makolo awo adachokera kum'mawa kwa Ulaya, kuphatikizapo a Chabad, sadya chimanga, mpunga kapena nyemba masiku asanu ndi atatu a Pasaka. Ndiye kuti nsima palibe, mpunga wa ku Bwanje palibe, nthawi yomwe mondokwa wadzaza m'minda. Za ndiwo ndiye lamulo ndi la chaka chonse: nsomba ikhale ndi mamba ndi zipsepse. Chambo ndi usipa zimaloledwa, mlamba ndi kampango ayi.

Funso n'lakuti rabi watsopanoyu wabwerera ndani. Mabanja akale a ku Lithuania atsala owerengeka. Odzaza tebulo la Sabata masiku ano m'mizinda ya mu Africa kawirikawiri amakhala a ku Israel ochita malonda ndi ulimi, ogwira ntchito m'mabungwe, ndi alendo odzaona malo. Israel idatsegulanso ofesi ya kazembe wake ku Lusaka mu Ogasiti 2025, ndipo Malawi idatsegula yake ku Tel Aviv mu Epulo 2024, choncho oyenda pakati pa maikowa achuluka. Koma munthu wa kontrakiti ya zaka ziwiri amakwanitsa khumi chaka chino, chaka chamawa wapita.

Palinso nkhani yovuta kuikamba pamaso. Mwa chilamulo chimene a Chabad amatsata, mwana ndi Myuda ngati mayi ake ndi Myuda, zimene Mchewa wa ku Mua sangadabwe nazo. Amalonda ena oyambirira aja adabereka ana ndi amayi a ku Zambia komweko. Zidzukulu zawo zili ndi dzina la agogo, mwina ndi chithunzi chawo pakhoma, koma powerenga khumi siziwerengedwa pokhapokha zitalowa Chiyuda mwa mwambo, njira yomwe imatenga zaka. Ine ndikuona kuti tsogolo la mpingo wa ku Lusaka lagona pa mmene rabiyu adzalandirire anthu oterewa, kuposa pa kuchuluka kwa alendo odzadya Pasaka.

Ku Uganda adayenda njira ina. Abayudaya a ku Mbale adayamba mu 1919 pamene mfumu Semei Kakungulu idasankha kutsata chilamulo cha Mose. Idi Amin adaletsa chipembedzo chawo, ambiri adabalalika, koma otsalawo adalimba. M'malo modikira rabi wochokera kunja, adatumiza mwana wawo, Gershom Sizomu, kukaphunzira ku Los Angeles, ndipo adadzozedwa kukhala rabi mu 2008. Adabwerera kwawo ku Nabugoye, nayamba kuphunzitsa anyamata ndi atsikana a m'midzi momwemo, ndipo mu 2016 adasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo. Mpingo wake uli m'gulu la Chiyuda lomwe limawerenga amayi pa anthu khumi aja, ndipo masalimo amawaimba m'Chiganda. Akuluakulu a chipembedzo ku Israel mpaka pano sawavomereza kuti ndi Ayuda.