Malamulo Olowetsera Sikwidi ndi Okutopasi ku Australia pa Ulimi wa Nsomba

## Nyama zake ndi zotani?

Sikwidi ndi okutopasi ndi nyama za m'nyanja zamchere, za thupi lofewa lopanda mafupa, ndipo miyendo yake imamera kumutu. Okutopasi ali ndi miyendo 8, pomwe sikwidi ali ndi 8 kuwonjezapo ina iwiri yaitali yogwirira zakudya. Akatswiri amaziika m'gulu limodzi ndi nkhono, osati ndi nsomba. Sizikhala m'madzi opanda mchere, n'chifukwa chake simungazipeze m'nyanja ya Malawi kapena mu Zambezi, ngakhale kuti asodzi a kugombe la Mozambique ndi Tanzania amazipha. Ku Japan, Korea, Spain ndi Italy ndi ndiwo zokondedwa kwambiri. Koma nkhani ino ikukhudza sikwidi ndi okutopasi zomwe sizikupita m'mbale ya munthu, koma zikukaponyedwa m'madzi a dziko lina.

## Alimi a nsomba amazifuniranji?

Kufupi ndi tauni ya Port Lincoln, m'chigawo cha South Australia, kuli ulimi wa nsomba zikuluzikulu za tuna womwe unayamba chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nsombazi amazigwira zamoyo m'nyanja ya Great Australian Bight, n'kuzikoka pang'onopang'ono m'makola oyandama mpaka kufupi ndi gombe, kumene amazinenepetsa kwa miyezi ingapo asanakazigulitse, makamaka ku Japan. Tuna ndi nsomba yodya zinzake, ndipo kuti ionjeze kilogalamu imodzi imafuna makilogalamu oposa 10 a nsomba zaziwisi. Chakudya chachikulu ndi tinsomba ta sadini, koma sikwidi nayenso amalowa m'gulumo. Kumalo oswetsera nkhanu za mtundu wa prawn, makolo ake amawadyetsa sikwidi wamuwisi kuti aikire mazira ambiri ndi amphamvu. Asodzi a mbedza nawo amamufuna ngati nyambo chifukwa mnofu wake sugwa msanga pambedza. Zonsezi zikaphatikizana, nyanja za m'dzikomo sizikwanitsa, ndiye amalonda amaitanitsa kunja.

## Kusiyana kwa mbale ndi madzi

Pamfundo iyi ndi pomwe pagona malamulo onse. Sikwidi wogulidwa kuti anthu adye amatsukidwa, kuphikidwa, ndipo zotsala zake zimakathera kudzala. Tizilombo tilitonse tomwe anabwera nato timafera pamoto kapena pamtunda pouma. Koma sikwidi yemweyo akakhala chakudya cha nsomba amaponyedwa wamuwisi, wathunthu ndi matumbo omwe, m'khola lomwe ndi ukonde chabe pakati pa nyanja. Madzi amalowa ndi kutuluka momasuka, nsomba za m'nyanjamo zimadya zogwa pansi, mbalame zimatola zoyandama. Ndipo izi sizichitika kamodzi, koma tsiku ndi tsiku pamalo amodzimodzi, matani ochuluka. Choncho katundu mmodzi yemweyo akhoza kulowa mosavuta ngati ndiwo, n'kufunsidwa zambiri akanenedwa kuti ndi nyambo kapena chakudya cha nsomba.

## Zomwe zinachitika mu 1995 ndi 1998

M'mwezi wa March 1995 tinsomba ta sadini tinayamba kufa mwaunyinji kufupi ndi Eyre Peninsula, ku South Australia. Imfayo inayenda chakum'mawa ndi chakumadzulo nthawi imodzi, pafupifupi makilomita 30 patsiku, mpaka inakuta gombe la makilomita oposa 5,000, ndipo inaonekanso ku New Zealand. Chinkapha nsombazo ndi kachilombo ka mtundu wa herpes komwe kankaononga ziwalo zopumira. Mu 1998 mliriwo unabweranso, kuyambira chigawo chomwecho, ndipo ku South Australia unapha nsomba zoswana zoposa theka. Mbalame za m'nyanja zodalira sadini zinavutika ndi njala. Ofufuza ambiri anakayikira nsomba zoundana zochokera kunja zomwe zinkadyetsedwa tuna m'dera lomwelo, ngakhale kuti umboni wotsimikizira gwero lake sunapezeke. Kuyambira nthawi imeneyo, chakudya chachiwisi choponyedwa m'nyanja chinasiya kuonedwa ngati nkhani yaing'ono.

## Mbedza kapena khoka?

Funso lomwe akuluakulu a ku Australia amafunsa pa sikwidi wa nyambo ndi wodyetsa nsomba limadabwitsa poyamba: anaphedwa bwanji? Njira imodzi ndi ya mbedza zapadera zokhala ndi timinga tozungulira. Sitima zimayatsa nyali zowala kwambiri usiku, monga momwe asodzi a usipa amachitira panyanja ya Malawi, ndipo sikwidi akasonkhana amakumbatira mbedzazo n'kukokedwa mmodzimmodzi. Umu ndi mmene amaphera sikwidi wambiri kunyanja za kufupi ndi Argentina ndi Peru. Katundu wotere amakhala wa sikwidi yekhayekha. Njira ina ndi ya khoka lokokedwa ndi sitima kapena lozinga gulu lonse, ndipo khoka silisankha. M'katoni ya sikwidi wa m'khoka mumapezeka tinsomba tina tomwe tinaundana naye limodzi. Tinsomba timeneti ndi tomwe timadetsa nkhawa kwambiri, chifukwa matenda a nsomba amagwira msanga nsomba inzake kusiyana ndi matenda a sikwidi. N'chifukwa chake malamulo amalekanitsa magulu awiriwa, ndipo katundu wa m'khoka amafuna umboni wochulukirapo wonena za nsomba zomwe zasakanikiramo. Nzeru yake ndi yomveka: lamulo likuyang'ana pomwe pali ngozi yeniyeni, osati dzina lolembedwa pakatoni.

## Kodi sikwidi ndi okutopasi alibe matenda awoawo?

Ali nawo. Sikwidi amasunga nyongolotsi za Anisakis, zomwe zimavutitsanso munthu akadya nsomba yaiwisi. Okutopasi amagwidwa ndi tizilombo ta Aggregata tomwe timakhala m'matumbo, ndipo timadutsira mu nkhanu zomwe iye amadya. Komabe pa mndandanda wa matenda omwe mayiko amayenera kulengeza ku bungwe loona zaumoyo wa nyama padziko lonse la WOAH, lomwe linkatchedwa OIE mpaka 2022, matenda a gulu la nkhono ndi makamaka a oyisitara ndi abaloni. Izi sizitanthauza kuti sikwidi ndi woyera. Nyamazi sizinawetedwe kwambiri, ndipo matenda ambiri a m'madzi amadziwika pokhapokha nyama zikaunjikidwa pamalo amodzi n'kuyamba kufa anthu akuona. Palinso njira ina ya ngozi: sikwidi akakonzedwera m'fakitale imodzi ndi ma prawn odwala, akhoza kutenga kachilombo kuchokera pathebulo kapena m'madzi otsukira.

## Kodi kuziziritsa sikupha tizilombo?

Kumapha tina, kumasunga tina. Nyongolotsi za Anisakis zimafa nyama ikaundana bwinobwino pa madigiri 20 kunsi kwa ziro. Mavairasi satero, asayansi amawasunga dala m'mafiriji kwa zaka, n'kukawapeza akadali amphamvu. Chomwe chimawapha ndi kutentha kokwanira kapena cheza cha gamma, ndipo n'chifukwa chake chakudya cha nsomba chopangidwa m'fakitale, chophikidwa ndi kuumitsidwa, sichiopsa ngati chachiwisi. Vuto n'lakuti tuna ndi makolo a prawn amachita bwino ndi chakudya chachiwisi. Mlimi akufuna chomwe wachitetezo akuchiopa, ndipo malamulo amayesa kupeza njira pakati pa awiriwa.

## Amene amayang'anira ndani?

Kwa zaka zoposa 100 Australia inkagwiritsa ntchito lamulo la Quarantine Act la 1908. Mu June 2016 linalowedwa m'malo ndi Biosecurity Act ya 2015, ndipo ntchitoyi ili m'manja mwa unduna woona za ulimi, usodzi ndi nkhalango ku Canberra. Woitanitsa katundu amayamba wafufuza pa intaneti m'kaundula wotchedwa BICON, momwe amalembamo mtundu wa katundu, dziko lomwe akuchokera ndi ntchito yomwe akagwire. Kenaka pamafunika chiphaso cha zaumoyo chosainidwa ndi boma la dziko lotumiza, chonena mmene nyamazo zinaphedwera komanso kuti zinayenderedwa ndipo zilibe zilonda zosonyeza matenda. Katundu akafika padoko amatha kusungidwa kaye mpaka mapepala ndi makatoni zitayenderedwa. Akalephera, amabwezedwa, kuonongedwa kapena kuthiridwa mankhwala ngati n'kotheka, ndipo ndalama zake amalipira mwini katundu.

## Bwanji osangoletseratu?

Dziko lomwe lili m'bungwe la zamalonda la WTO silingatseke malire ake mwachisawawa. Pangano la SPS, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1995, limalola dziko kuteteza nyama ndi zomera zake, koma chiletso chilichonse chizikhala ndi kafukufuku wa ngozi kumbuyo kwake. Australia inaphunzira izi mowawa. Inali italetsa nsomba zaziwisi za salmon kuyambira 1975, Canada inakadandaula, ndipo mu 1998 WTO inagamula kuti Australia yalakwa. Chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti dzikolo linkakana salmon ya m'mbale koma n'kumalola nsomba zoundana za nyambo, zomwe ngozi yake inali yofanana kapena yaikulu kuposa ya salmon. Mu 1999 dzikolo linatulutsa kafukufuku watsopano wokhudza salmon pamodzi ndi nsomba zina za m'nyanja.

## Nanga zikabwera zamoyo?

Apa ndi pomwe kubindikiritsa kumakhala kwenikweni. Ku Australia nyama yamoyo singalowe ngati mtundu wake suli pa mndandanda wovomerezeka pansi pa lamulo la zachilengedwe la 1999, chifukwa kuwonjezera pa matenda, nyama yachilendo ikathawa ikhoza kusokoneza za m'deralo. Ndondomeko ya bungwe la kafukufuku wa m'nyanja la ICES, yomwe mayiko ambiri amatsatira, imati makolo obwera kuchokera kunja asungidwe m'matanki otsekeka, madzi otuluka aphedwe tizilombo, ndipo ana okha obadwira momwemo, atayezedwa, ndi omwe angatulutsidwe. Kwa okutopasi zimenezi n'zovuta: ambiri amakhala moyo chaka chimodzi kapena ziwiri, wamkazi amafa mazira akangoswa, ndipo tiana take timafa tambiri m'masabata oyamba. Kampani ya Nueva Pescanova ya ku Spain inalengeza zomanga famu ya okutopasi ku Las Palmas, pa zilumba za Canary, koma mu 2024 zigawo za Washington ndi California ku America zinaletsa ulimi wotere poganizira kuzunzika kwa nyamazi.

## Pomwe mpanda umabooka

Lamulo limadalira kuti katundu akagwire ntchito yomwe analembera. Chakumapeto kwa 2016 matenda a madontho oyera anabuka m'mafamu a prawn a m'mbali mwa mtsinje wa Logan ku Queensland, ndipo pofika February 2017 mafamu onse 7 a pamtsinjewo anali atagwidwa. Njira yomwe ankaikayikira kwambiri ndi ma prawn aawisi ochokera kunja, ogulitsidwa m'masitolo ngati ndiwo, omwe anthu owedza ankawagula n'kukawaika pambedza. Mu January 2017 boma linaimitsa kulowa kwa ma prawn aawisi kwa miyezi 6. Matenda omwewa anali atafika kale ku Quelimane, Mozambique, mu 2011 ndi ku Madagascar mu 2012, ndipo kachilombo kake kakalowa m'nkhanu za m'mitsinje ndi m'nyanja palibe mankhwala okachotsera.