Mlendo Akafunsa za Mkwapulo, Timuyankha Chiyani?

Ambiri a ife kuno ku Mkaika tikukumbukira kalembera wa chaka cha 2022, pamene anyamata ndi atsikana otumidwa ndi boma anayenda khomo ndi khomo kufunsa kuti pabanja tilipo angati, madzi timatunga kuti, ndipo nyumba tinafolera ndi chiyani. Mafunso otere sativuta kuyankha. Koma ulipo kafukufuku wina wa m'makomo amene kholo likamumva limayamba layang'ana pansi, pakuti amafunsa za mmene timalangira ana athu akalakwa.

Bungwe la UNICEF linayambitsa kafukufuku wa m'makomo wotchedwa MICS m'chaka cha 1995, ndipo cha m'ma 2005 linaonjezamo mafunso a kalangidwe ka ana. Ofufuzawo safika panyumba iliyonse ayi. Amasankha makomo mwamaere, kuti ochepawo aimire dziko lonse. Akafika amakhala pansi ndi mayi kapena wina wolera, nakambirana za mwana mmodzi payekha, wa zaka zoyambira 1 mpaka 14.

Kafunsidwe kake ndi kanzeru. Safunsa kuti, "Kodi mumazunza mwana wanu?" chifukwa palibe kholo limene lingavomere zotere. M'malo mwake amatchula zochita 11, chimodzichimodzi, nafunsa ngati munthu wamkulu aliyense wa pakhomopo anachitapo zimenezo m'mwezi wapitawo. Zina ndi zofatsa: kumfotokozera mwana kulakwa kwake, kumletsa chinthu chimene amakonda, kapena kumpatsa china choti achite. Zina ndi za pakamwa: kumkalipira mokuwa, kumutcha chitsiru kapena waulesi. Zina ndi za manja: kumgwedeza, kummenya pamatako, kumkwapula ndi lamba kapena ndodo, kumwomba mbama kumaso, ngakhale kummenya mobwerezabwereza ndi mphamvu zonse. Potsiriza amafunsa maganizo a woyankhayo, ngati iye akhulupirira kuti mwana sangaleredwe bwino popanda kumenyedwa.

Nanga apeza zotani? M'chaka cha 2014 bungwe la UNICEF linalengeza kuti pa dziko lonse lapansi ana pafupifupi 6 mwa 10 alionse a zaka 2 mpaka 14 ankalangidwa ndi manja kawirikawiri, pamene akuluakulu okhulupirira kuti kumenya n'kofunika anali pafupifupi 3 okha mwa 10. Kwa abale athu a ku Malawi, amene timakumana nawo chaka ndi chaka pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, kafukufuku wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti ana 82 mwa 100 anamenyedwa, kukalipiridwa mokuwa kapena kunyozedwa m'mwezi umodzi wokha. Kuno ku Zambia, m'chaka cha 2014, anafunsa achinyamata eni ake. Mwa a zaka 18 mpaka 24, pafupifupi mtsikana 1 mwa 3 ndi anyamata 4 mwa 10 anati anachitiridwapo nkhanza za kuthupi asanakwanitse zaka 18, kaya ndi makolo, achibale, akuluakulu ena kapena anzawo.

Tiyeni tilingalirepo pa manambala a 2014 aja. Omenya ndi ochuluka kuposa okhulupirira kuti kumenya kumathandiza. Ndiye kuti kawirikawiri dzanja limathamanga mtima usanavomere. Mayi wachokera kudimba ali wotopa, wapeza mbuzi zalowa m'munda wa eni pamene mwana woziweta anali kumpira, ndipo mawa mlandu uli kwa a nyakwawa. Mkwapulo wa tsiku limenelo umathetsa ukali wa mayiyo, koma sitinganene kuti mwana waphunzirapo kuweta.

Kafukufukuyu ali ndi malire ake. Pakati pa ife Achewa mwana saleredwa ndi nyumba imodzi. Ambuye ake, atsibweni ake ndi amayi ake aang'ono onse ali ndi mau pa iye, ndipo woyankha sangadziwe zonse zochitika kuseri kwa nkhokwe kapena kubusa. Palinso manyazi pamaso pa mlendo, ndiponso mantha. Bwalo lalikulu la milandu linagamula m'chaka cha 1999 kuti chilango cha chikoti n'chosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, lamulo la maphunziro la 2011 linachiletsa m'masukulu, ndipo lamulo la ana la 2022 linaletsa kumenya mwana paliponse, ngakhale pakhomo. Choncho wina angaganize kuti akanena zoona aitanidwa kupolisi. Koma mayankho a kafukufuku wotere amasungidwa mwachinsinsi, ndipo chimene chimalengezedwa ndi chiwerengero, osati maina. Mwana tikapita naye kusikelo sitipempha anamwino kuti alembe kulemera kwabodza, pakuti tidziwa kuti wovutika adzakhala mwana yemweyo. Tikabisa, boma ndi mipingo adzaganiza kuti makolo safuna thandizo lililonse.

Ena adzati, "Ifenso tinakwapulidwa, koma tinakula bwino." Ife amene tinaphunzira kusukulu za mishoni mau amenewa sitiwanyoza, pakuti ndodo tinailawa. Komabe tikakumbukira bwino, aphunzitsi amene anatiumba ndi aja amene ankakhala nafe pansi, ndipo tikudziwanso anzathu amene anathawa sukulu chifukwa cha mantha osabwereranso. Yohane Bosco Woyera, amene analera anyamata ovuta a mumzinda wa Turin, analemba m'chaka cha 1877 kuti maleredwe ake anatsamira pa nzeru, chipembedzo ndi chikondi, ndipo analetsa kumenya. Makolo athu nawonso anati kuongola mtengo m'poyamba. Kamtengo kanthete timakaongola pokazikira mzati ndi kukamanga ndi luzi, tsiku ndi tsiku. M'chinenero chathu mau akuti kulanga ndi kulangiza ndi pachibale, ndipo anamkungwi amalanga ndi pakamwa.

Tisadikire mlendo wonyamula mafunso. Madzulo ano, ana atagona, bambo ndi mayi akhale pansi adzifunse okha mafunso omwewo. M'mwezi wapitawu tinafotokoza kangati, tinakuwa kangati, tinakweza dzanja kangati? Pa nthawi zimene tinamenyazo, ndi zingati zimene tinali titaganiza kaye? Yankho lake tikaliuzenso ambuye ndi atsibweni a anawo, kuti onse olera amvane chimodzi. Ndipo tsiku limene ofufuza adzaodira pakhomo pathu, tidzawayalire mphasa ndi kuwauza zoona.