Kafukufuku amene sanasindikizidwe: kodi mungamulembe pa CV?

Nyengo yofunsira malo kuyunivesite ikafika, ophunzira ambiri amene ndimawathandiza kukonza mapepala amandifunsa funso limodzi: "Ndinalemba kafukufuku pomaliza digiri, koma sanasindikizidwe paliponse. Ndimuike pa CV?" Ndimawayankha kuti inde, muikeni, koma mumutchule dzina lake lenileni.

Izi n'zofunika makamaka kwa ofuna digiri yachiwiri, monga kudzera mu UNICORE, pulogalamu imene inayamba mu 2019 yotumiza othawa kwawo kumayunivesite a ku Italy. Osankha ophunzira amafuna kuona ngati munthu amatha kufufuza nkhani ndi kuilemba mpaka kumapeto. Amene munaphunzira ku Congo munalemba TFC kapena mémoire, a ku Mozambique munalemba monografia. Ntchito imeneyo ndi umboni wamphamvu, ngakhale ili m'kabati ya yunivesite basi.

Pa CV ya Chingerezi, mutu wakuti "Publications" ndi wa zolemba zimene zinatuluka kale m'magazini ya akatswiri kapena m'buku, kapena zimene akonzi anavomera kuti adzazitulutsa. Zina zonse zikhale pansi pa mutu wina, monga "Research experience". Pamenepo lembani mutu wa kafukufukuyo, dzina la yunivesite, chaka, dzina la mphunzitsi amene anakuyang'anirani, ndi mawu akuti "unpublished thesis". Onjezani mzere umodzi wonena zimene munafufuza ndi zimene munapeza.

Ngati munatumiza nkhani kwa akonzi koma sanayankhe, lembani "submitted", ndipo ngati anakuuzani kuti akuiunika, lembani "under review". Mawu akuti "accepted" muwalembe pokhapokha kalata yovomera ili m'manja mwanu. Akuti "in preparation" ndi a ntchito imene mukhoza kuionetsa lero wina atakufunsani. Imene idakali m'mutu musailembe.

Ambiri mumsasa muno munathandizapo alendo ochita kafukufuku pomasulira kapena pofunsa anthu mafunso khomo ndi khomo. Imeneyo ndi ntchito yeniyeni, ndipo ilembeni pa gawo la ntchito zimene munagwirapo. Koma ngati dzina lanu silili pa mndandanda wa olemba lipotilo, musalitchule ngati lanu. Chimodzimodzi ntchito ya pagulu: tchulani anzanu onse monga mmene mayina awo anasanjidwira.

Nanga ngati bukulo linatsala kwanu pothawa? Lembanibe, ndipo m'kalata yanu yofunsira malo fotokozani mwachidule kuti linatayika. Khalani pansi mulembe tsamba limodzi la zimene mukukumbukira: funso limene munkafufuza, anthu angati munawafunsa, ndi mfundo zimene munapeza. Ngati mungam'peze mphunzitsi wanu pa imelo kapena pa WhatsApp, m'pempheni kalata yochitira umboni. Koma ngati nkhani yake ikukhudza ndale kapena nkhondo ya kwanu, ganizirani kaye za abale amene anatsala musanaiike pa intaneti.

Chenjeraninso ndi magazini a pa intaneti amene amalonjeza kusindikiza nkhani yanu m'masiku ochepa mukangolipira. Aphunzitsi a kuyunivesite amawadziwa, ndipo dzina la magazini otere limachepetsa ulemu wa CV yanu. Kafukufuku wosasindikizidwa wotchulidwa moona amaposa ameneyo.

Kumbukirani kuti chilichonse chimene mwalemba angakufunseni pa intavyu, ndipo kufufuza ngati nkhani inasindikizidwadi kumangotenga mphindi zochepa pa kompyuta. Bodza likapezeka, malo amene munapatsidwa akhoza kulandidwa. Musanatumize, bwerani ndi CV yanu ku ofesi ya zamaphunziro tidzaione limodzi. Thandizoli ndi laulere, ndipo musadikire tsiku lomaliza.