Malalanje a Juni Angakongoletse Tebulo la Disembala

Kuyambira cha mu Meyi mpaka Julayi, wodutsa msewu wa ku Mwanza amapeza manachesi, malalanje ndi mandimu zili mbwee m'mbali mwa msewu. Zipatsozi zimapsa nthawi imodzi, mtengo wake umatsika, ndipo zotsala zimawolera m'madengu. Koma maukwati, zinkhoswe ndi Khirisimasi zikafika, timathamangira kukagula zokongoletsa za pulasitiki zomwe mawa lake zimakathera kudzala. Mipata iwiriyi ingatsekedwe ndi luso lomwe tili nalo kale. Anthu odziwa kufutsa nkhwani ndi chitambe, kuyanika makaka ndi usipa pathandala, sangalephere kuumitsa lalanje. Chosiyana n'chakuti mfutso timausungira mimba, pomwe lalanje louma timalisungira maso ndi mphuno.

Chinsinsi chonse chagona pa madzi. Pa magawo 100 a lalanje, pafupifupi 87 ndi madzi, ndipo chuku chimakonda pachinyontho chotere. Ndiye ntchito ndi kuchotsa madziwo chuku chisanayambe. Chipatso chikhale cholimba, chopanda bala, chotsukidwa bwino. Chidulidwe mopingasa ndi mpeni wakuthwa kuti patuluke timawilo topyapyala ta mamilimita 5 kapena kucheperapo pang'ono, ndipo tonse tifanane, chifukwa tonenepa timauma kunja kokha m'kati tili tiwisi. Mukachotsa nthangala, psinyani timawiloto mofatsa ndi kansalu koyera kuti madzi a pamwamba achoke. Mu uvuni mumafunika kutentha kochepa, madigiri 70 mpaka 90, kwa maola atatu mpaka asanu ndi limodzi, n'kumatembenuza pafupipafupi. Moto ukachuluka, shuga wa m'chipatsomo amapserera, mtundu wowala uja n'kusanduka wakuda. Kawilo kouma bwino sikanyata m'manja, ndipo mukakayang'anitsa kudzuwa kuwala kumadutsa, mizere ya m'kati n'kumaoneka ngati masipoko a njinga. Manachesi okha savomera kudulidwa chotere, popeza khungu lake ndi lotayana ndipo mnofu umaphwasuka. Kwa iwo chopindulitsa ndi kuyanika makoko.

Wina anena kuti izi n'za eni mauvuni ndi magetsi, osati za munthu wophikira pambaula. Kudandaulaku kuli ndi mutu, koma dzuwa ndilo linayamba ntchitoyi uvuni usanabwere. Ku Oman, Iraq ndi Iran, mandimu ang'onoang'ono amawawiritsa m'madzi a mchere, n'kuwayanika padzuwa mpaka ataderako ndi kulimba gwa. Amawatcha loomi, ndipo amawaponya m'msuzi ndi mu mpunga. Ku Xinhui, m'chigawo cha Guangdong ku China, makoko a manachesi oyanikidwa padzuwa, otchedwa chenpi, amasungidwa zaka ndipo mtengo wake umakwera akamakhalitsa. Makoko omwewo ife timangotaya m'basi. Kwathu kuno mwayi ndi wakuti zipatsozi zimachuluka mvula itatha. Pathandala loyalapo neti yoyera, kuti mpweya uzidutsa pansi ndi pamwamba, ndi kansalu kopyapyala kotchingira ntchentche, timawiloto timauma m'masiku angapo. Madzulo tizilowetsedwa m'nyumba kuopa mame, ndipo miyendo ya thandala iimikidwe m'zitini za madzi chifukwa nyerere zimatsata shuga. Mdani weniweni ndi chiperoni: kwa a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, mvula yowaza ya Juni ndi Julayi ingawononge ntchito yonse, choncho ndi bwino kudula chipatso kumwamba kukayera.

Funso lolemera kwambiri ndi lakuti: kodi n'chanzeru kusandutsa chakudya chokongoletsa m'dziko lomwe ana ena sadya chipatso? Apa chilungamo chinenedwe. Vitamini C amawonongeka ndi kutentha ndi mpweya, motero lalanje louma silingalowe m'malo mwa laliwisi, ndipo mwana apatsidwe laliwisilo. Koma palibe akunena zoumitsa munda wonse. Lalanje limodzi limatulutsa timawilo tisanu ndi kamodzi kapena kuposerapo, kotero malalanje khumi a nthawi ya mtengo wotsika amakwana nkhata yapachitseko ndi chingwe chokoleka pawindo. Komanso chouma sichitheratu ntchito yake m'khitchini. Fungo la chipatso limachokera ku mafuta a m'khungu lake, ndipo ambiri amatsalamo. Kawilo ka ndimu m'kapu ya tiyi wa madzi, ka lalanje pamwamba pa keke ya ukwati kapena pakamwa pa tambula ya juwisi, ufa wa makoko ouma mu zitumbuwa kapena masikono, zonsezi n'chakudya. Pofuna ufawo, palani kaye choyera cha m'kati mwa khoko chifukwa n'chomwe chimawawa. Ndipo zomwe zakhala zikulendewera pakhoma n'kumamwa fumbi zisabwererenso m'kapu. Zodya ndi zokongoletsa zisiyanitsidwe kuyambira tsiku loyamba.

Chomwe chimagwetsa ambiri ndi kasungidwe, chifukwa Disembala ndi mwezi wa mvula, ndipo chipatso chouma chimakoka chinyontho cha mumpweya n'kufewanso. Timawiloto tizizire kaye, kenako tiikidwe m'botolo lagalasi louma, lotseka kwambiri, pamalo a mdima. Sabata yoyamba muzilisuzumira botololo: mukaona thukuta m'kati, tulutsani muyanikenso, ndipo kalikonse kochita chuku katayidwe pamodzi ndi oyandikana nako. Tosungidwa chotere timafika pa Khirisimasi tili ndi mtundu wake, ngakhale mandimu amaderako msanga kuposa malalanje. Potunga, singano ndi ulusi wolimba kapena kachingwe ka khonje zimakwana, ndipo boolani pafupi ndi khungu pomwe pali polimba, osati pakati pomwe pamang'ambika.