Liu lakuti "laguni" linacokera kuti?

Amene tinapitako ku Mfuwe tinamva otsogolera alendo akuchula "laguni" poloza thamanda la mvuu. Kumadzulo kwa Lusaka, m'madambo a Kafue, kulinso nkhalango ya nyama yochedwa Blue Lagoon. Kodi liu limeneli linabwera bwanji kuno kumene kulibe nyanja yamcere?

Angelezi analibwereka kwa anthu a ku Italy m'zaka za m'ma 1600. Kumeneko amati laguna, kutanthauza madzi osazama a m'mphepete mwa nyanja yamcere, ochingidwa ndi milu ya mcenga kuti mafunde asalowe mwamphamvu. Ife amene tinalawako Cilatini ku seminale tikumbuka kholo lake, lacuna, ndiye kuti dzenje losunga madzi.

Laguni yochuka ndi ya mzinda wa Venice, imene malo ambiri kuya kwake ndi mita imodzi cabe. Pamene Attila anaononga midzi m'caka ca 452, ndiponso pamene a Lombard analowa m'dzikolo mu 568, anthu anathawira pa tizilumba ta m'madzi amenewo. Akavalo a adani sakanaoloka, ndipo zombo zikuluzikulu zikanatitimira m'matope. Othawawo anakhoma mitengo m'matopemo namangapo nyumba, pambuyo pake chalichi ca Mariko Woyera. Abusa atatu a mzindawo anadzakhala Apapa: Pius X mu 1903, John XXIII mu 1958 ndi John Paul I mu 1978. Madzi oonekera pansi ndiwo anapulumutsa mtundu.

Kwathu kuno liuli lipatsidwanso kwa matamanda amene mtsinje usiya ukasintha njira, monga Luangwa Wafwa. Dzina ndi lacilendo, koma cinthuco nca ife. M'madzi osazama ndimo nsomba ziswana, ndipo m'matamanda a kumudzi ndimo ng'ombe zathu zimwa mu Okutobala pamene mitsinje yaphwa.

Nanga ife tiwasamala bwanji? Tilima mpaka m'gombe ndi kudula mabango, mvula nikokolola dothi kukwirira thamanda. Ena tisandutsa maneti a udzudzu kukhala makoka, kukokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Ena sitilemekeza lamulo la Boma loletsa kupha nsomba kuyambira Disembala mpaka kutha kwa Febuluwale.

Tiyeni tikambirane nkhaniyi m'miphakati yathu pamodzi ndi mafumu. Tisiye mpata wa udzu ndi mitengo pakati pa munda ndi madzi. Thamanda likakwiririka, ng'ombe tidzazimwetsa kuti?