Chipinda chanu cha 3D chayera mopitirira muyeso

Ndikamaona pa ArtStation ntchito za achinyamata ofuna kulembedwa m'makampani opanga magemu, vuto limakhala lomwelomwe: malo omwe apanga ngoyera kwambiri. Khoma lopanda mng'alu, mpando wopanda litsiro, chitseko ngati changochoka kwa kalipentala. Simungakhulupirire kuti munthu anakhalamo.

Taonani gemu ya The Last of Us ya Naughty Dog, yomwe inatuluka mu 2013. Udzu wamera m'misewu, magalimoto achita dzimbiri, ndipo popanda wokuuzani mukudziwa kuti anthu anathawa kalekale.

Ndiye musanathamangire kuwonjezera katundu m'chipindamo, dzifunseni kuti mumakhala ndani. Litsiro liikeni pomwe manja amagwira, monga pachogwirira chitseko, osati kumwaza paliponse ngati mchere mundiwo. Kenako, kaya muli mu Blender, yaulere ija, kapena mu Unreal Engine 5, chotsani mitundu chithunzicho chikhale chakuda ndi choyera basi. Diso likasowa pofikira, konzani kuwala kaye, zina pambuyo.

Ine ndimati muikenso zithunzi za wireframe. Olemba ntchito amafuna aone ngati chipindacho chingayende mu gemu osalemetsa kompyuta.