Kompyuta Yosadya Magetsi Ambiri Ndiyo Inathandiza pa Cilala

Cilala ca mu 2024 cinaphunzitsa anthu a mu Lusaka kusamala magetsi monga m'mene mai asamalira ufa pa nthawi ya njala. Madzi atacepa m'nyanja ya Kariba, a ZESCO anayamba kugawa magetsi mosinthana, ndipo pofika mwezi wa September madera ambiri anali kukhala opanda magetsi kufikira maola 21 pa tsiku. Ku Kabwata ndi ku Chelstone, ngakhalenso ku Woodlands ndi ku Kabulonga, ana a sukulu ndi anthu ogwira nchito pa kompyuta anayamba kudalira mabatire ndi sola.

Apa m'pamene panaonekera kuti makompyuta sadya mofanana. Kusiyana kwakukulu kuli m'kacipangizo kochedwa purosesa, kamene kukula kwace kuli ngati sitampa ya pa kalata. M'kati mwace muli timaswici mabiliyoni timene titsegula ndi kutseka magetsi mofulumira kwambiri. Magetsi onse amene kadya amasanduka kutentha, ndiye cifukwa cace kompyuta yadyera imaomba mphepo yotentha.

Mapurosesa a mtundu wa ARM, amene anayamba kupangidwa ku Cambridge m'dziko la England mu 1985, amadziwika ndi kudya pang'ono. Ndiwo ali m'mafoni a m'manja pafupifupi onse, ndipo mu 2020 kampani ya Apple inayamba kuwaika m'makompyuta ace.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Kompyuta ya pa tebulo yodya mawati 150, ikagwira nchito maola 8 tsiku lililonse, itha mayuniti 36 pa mwezi. Laputopu yodya mawati 30 itha mayuniti 7 okha. Batire ya sola imene ingapereke theka la yuniti iyendetsa ya pa tebulo maola 3 ndi mphindi zocepa, koma laputopu iyiyendetsa maola oposa 16.

Nkhani iyi ikhudzanso inu a kumudzi amene muli ndi sola pa denga. Pogulira mwana kompyuta, musangoyang'ana mtengo ai. Werengani mawati olembedwa pa caja, ndipo funsani wogulitsa kuti batire ikhala maola angati. Kompyuta yochipa koma yadyera idzafuna batire yaikulu ndi sola ina, ndipo ndalama zimene munapulumutsa ku sitolo zidzathera komweko.